Khonsolo ikakongola, wobweza ndani?

Sabata yatha tinali pamaliro kwathu kuno. Pochokera kumanda, komwe adzukulu anavutika kupeza pokumba, bambo wina anayambitsa nkhani yoti khonsolo ingokongola ndalama n'kugula malo ena a manda. Tonse tinavomera. Mlamu wanga yekha, amene ali ndi tinyumba tiwiri ta lendi, ndiye anangoti duu. Kenaka anafunsa kuti, "Nanga ngongoleyo adzabweza ndani?"

Tinamuseka kuti ndi woumira, koma funso lakelo ndayenda nalo sabata yonse.

Paja khonsolo ilibe munda wa fodya. Ndalama zake zimachokera kuboma, ku ziphaso za m'misika ndi malaisensi, koma m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba thumba lalikulu lomwe imatolera yokha ndi msonkho wa nyumba ndi malo, uja timangoti siti reti. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limalola makhonsolo kutolera msonkhowu komanso kukongola. Choncho khonsolo ikasainira ngongole, cholembera chimakhala cha akuluakulu a kuofesi, koma thumba limakhala lanu ndi langa.

Tiyerekeze chabe. Khonsolo yakongola K400 miliyoni yobweza pa zaka zisanu, chiwongoladzanja 25 kwacha pa 100 kwacha iliyonse. Chaka choyamba chiwongoladzanja chokha ndi K100 miliyoni, kuphatikizapo K80 miliyoni ya ngongole yeniyeniyo. Ngati eni nyumba olipira mokhulupirika alipo 10,000, aliyense wasenza K18,000 pamwamba pa zomwe amalipira kale. Khonsolo ikaopa kukweza msonkho, ndalamayo idzachoka kwina: galimoto yotola zinyalala idzayamba kubwera kamodzi pamwezi, maenje a mumsewu adzakula.

Pali chinanso chimene ambiri sitichiona. Ngati malowo anali a munthu kapena kampani yomwe inkalipira msonkho, khonsolo ikawagula msonkhowo watha, chifukwa siingadzilipiritse yokha. Yagula malo, yataya wolipira mmodzi, yawonjezera ngongole.

Ndipo katunduyu sagwera onse mofanana. Olipira ndi okhawo amene nyumba zawo zili m'kaundula wa khonsolo. Kaundulayu amayenera kukonzedwanso zaka zisanu zilizonse, koma nthawi zambiri amachedwa. Ndiye mupeza gogo wopuma pantchito, wa nyumba yakale ya malata adzimbiri, akulandira bilu chaka ndi chaka, pamene chinyumba chosanja chomangidwa dzana kuseri kwa phiri sichidziwika n'komwe. Khonsolo ya Mzuzu itayamba kuwerenganso nyumba zamumzindawo cha m'ma 2013, nyumba zolembedwa zinachuluka kangapo ndipo ndalama zotolera zinakwera. Kwa ine, khonsolo yofuna kukongola iyambe yachita zimenezi.

Musandimve molakwa, sindikuti kukongola n'kulakwa. Walira mvula walira matope: tikufuna manda, misika, madepoti ndi kotaya zinyalala, ndipo zonsezi zimafuna malo. Malonso sadikira munthu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 tinaona mmene mitengo inathamangira, ndiye kugula lero mwina kungatipulumutse ku mtengo wa mawa. Koma malo amasiyana. Ogula kuti adulidwe maploti amabweza ndalama pogulitsa, ndipo nyumba zikamangidwapo zimalowa m'kaundula n'kuyamba kulipira. Msika umadzithandiza ndi ziphaso. Manda ndi dzala sizibweza kanthu kooneka. Ngongole yake yonse imatsamira pa msonkho. Choipitsitsa ndi malo ogulidwa ndi ngongole n'kungokhala tchire zaka, chiwongoladzanja chikuyenda, mpaka anthu kuyamba kuumbapo njerwa.

N'chifukwa chake ndikanakonda khansala wathu, asanakweze dzanja kuvomereza, atiitane pabwalo la sukulu atiuze zinthu zomveka: malowo akugulidwa kwa ndani, anawayesa mtengo ndani, ngongole idzatha chaka chiti, ndipo bilu ya nyumba wamba idzakwera ndi zingati. Akatiuza, mwina tidzavomera ndithu, poti manda aja adzazadi.

Inu a lendi musaganize kuti nkhaniyi yakulambalalani. Nditamufunsa mlamu wanga chimene adzachite bilu yake ikadzakwera, anangoloza zitseko ziwiri za alendi ake zija. Mmodzi mwa alendiwo ndi mphwanga.