Kambalame kolelesa ana kwa atchete

Ana athu kuno ku Peckham cuckoo amangoyidziwira m'mabuku akusukulu ndi m'mawotchi aja. Yeniyeniyo inachepa ku Britain, moti mu 2009 anayiika pamndandanda wa mbalame zomwe zili pangozi. Zobiriwira zosokosa za pa Peckham Rye zija musawanamize nazo ana, ndi ma parakeet basi.

Ndiye inu amene mwagula kale matikiti a Disembala, mwayi ndi umenewo, chifukwa kumudzi kuli kam'bale kake kotchedwa Diederik cuckoo. Kamabwera ndi mvula kuchokera chakumpoto, ndipo kamatalika masentimita 18 mpaka 20. Yambani ndi makutu. Kamphongo kamalira mosatopa, "dii-dii-dii-diderik", ndipo dzinalo linachokera pomwepo. Mukakapeza pansonga ya mtengo, onani msana wobiriwira wonyezimira ngati chitsulo, mimba yoyera, madontho oyera pamapiko, ndi diso lofiira psu! Disolo ndiye chiphaso chake. Pali kena kofanana nako, Klaas's cuckoo, koma iko diso n'lakuda ndipo kamphongo kake mapiko alibe madontho.

Pokafunafuna pitani kudambo kapena pamtengo pomwe atchete apachika zisa zawo. Iko chisa sikamanga. Kathazi kamazemba eni ake, kuchotsa dzira limodzi n'kuikirapo lake, basi ulendo. Mwanayo akaswa amachotsa mazira kapena anapiye a eni chisa, n'kutsala yekha kulandira chakudya chonse. Atchete amakadziwa bwino kambalameka, n'chifukwa chake kakangoyandikira amakathamangitsa mwachigulu. Mukamva chiphokoso chachilendo pazisa, imikani ana ayang'anitsitse.

Ndikudziwa kuti wina pagulu la WhatsApp ayamba kale kutchula achibale amene anasiya ana kwa agogo n'kuzimitsa foni. Ayi, zimenezo tikambirana tsiku lina.

Ine kambalameka sindikada. Kamadya mbozi kwambiri, ngakhale zaubweya zija zimene mbalame zambiri zimazipewa, ndipo mlimi sangadandaule nazo. Pofunsira, kamphongo kamapita kwa kathazi katanyamula mbozi kukamwa. Mukaona chobiriwira chikudyetsa chinzake chofiirira, musathamangire kunena kuti ndi mayi ndi mwana. Ndi chibwenzi chimenecho. Asuweni a malegeni muwauziretu kuti tsiku limenelo awasiye kunyumba.