Bokosi la maliro timalipirira, nanga denga?

Chaka chilichonse mitambo ikayamba kuda cha ku Mulanje, mkangano wa inshuwalansi ya nyumba umadzukanso, nkuthera pomwe unathera chaka chatha. Uyu akuti makampani a inshuwalansi ndi akamberembere, polandira ndalama amamwetulira koma tsiku lolipira amayamba kukuwerengera timalemba tating'ono. Uyo akuti tsoka silinunkha, mlonda wa nyumba yake ndi Mulungu. Wachitatu, nthawi zambiri wovala taye, amangoti Amalawi sadziwa ubwino wa inshuwalansi, ngati kuti vuto lonse ndi umbuli. Onsewa amakamba za nyumba ngati kuti ya njerwa zowotcha ya ku Namiwawa ndi ya zidina ya m'mphepete mwa phiri la Soche ndi chinthu chimodzi, ndipo nchifukwa chake samvana.

Ine sindizungulira. Munthu amene ali ndi nyumba ya njerwa ndi malata pamalo ovomerezeka m'chigawo cha kumwera, koma sanaiike pa inshuwalansi, akutchova juga ndi thukuta la moyo wake wonse.

Tangowerengani zaka. Mu Januwale 2015 madzi anasefukira ku Nsanje, Chikwawa ndi Phalombe. Mu Malichi 2019 kunabwera namondwe Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, dziko nkukhala mu mdima miyezi yambiri, ndipo tisanapume Gombe anafika mu Malichi chaka chomwecho. Kenaka Freddy mu Malichi 2023, namondwe amene anapha anthu oposa 1,000 ndi kusamutsa ena oposa 650,000. Kafukufuku wa boma ndi abwenzi ake anapeza kuti zowonongeka zinapitirira madola 500 miliyoni a ku America, ndipo nyumba ndizo zinapwetekeka kwambiri. Agogo athu ankasimba za Napolo wa ku Zomba wa 1946 ndi wa ku Phalombe wa 1991 ngati zinthu zoona kamodzi pa moyo. Mwana wobadwa mu 2014 waona kale zoterezi kasanu asanamalize pulayimale. Akumpoto asaseke: zivomezi za mu Disembala 2009 zinang'amba makoma ku Karonga.

Amene anapita ku Chilobwe masiku otsatira Freddy sadzaiwala. Miyala yaikulu kuposa galimoto inali itakhala pomwe dzulo lake panali pabalaza. Anthu ankakumba matope ndi makasu, wina nkutulutsa chitseko cha firiji, wina matiresi olemera ngati thumba la simenti lonyowa. Thandizo linabwera ndithu: ufa, nyemba, mabulangete, zidebe, mapepala apulasitiki. A nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, mipingo ndi mabungwe anachita mbali yawo. Koma thumba la ufa silikhoma malata, ndipo kufikira lero alipo amene anali eni nyumba akukhalira lendi.

Chimandidabwitsa ndi chakuti ife inshuwalansi timaidziwa bwino. Ambiri apantchito amadulidwa kangachepe pamwezi kuti tsiku la imfa bokosi ndi galimoto ya maliro zisavute. Amayi a banki m'khonde amakhala ndi kathumba kapadera ka zadzidzidzi, kothandizira mnzawo akadwala kapena akaferedwa. Mfundo yake ndi yomweyi, mutu umodzi susenza denga. Ndiye zatheka bwanji kuti bokosi logonamo tsiku limodzi tilikonzekere, koma nyumba yomwe tinaimanga zaka khumi, mzere wa njerwa lero, zenera chaka chamawa, tiisiyire mphepo? Mwina nchifukwa choti inshuwalansi ina yomwe timaidziwa ndi kapepala ka pagalasi la galimoto, komwe timagula poopa apolisi a pamsewu. Chinthu chogula mokakamizidwa sitichikonda.

Otsutsa ali ndi mfundo zitatu: makampani salipira, ndalama kulibe, ndipo chaka chikatha popanda ngozi ndalama yapita pachabe. Yachitatuyi ndi yoseketsa. Mlonda amene wagonera pageti chaka chonse mbava osabwera sitimuuza kuti abweze malipiro. Yachiwiri ndi yoona kwa ambiri, koma ndaimvanso kwa munthu amene wamanga mpanda wa njerwa kuzungulira poloti yonse nkuikapo waya wamagetsi. Ameneyo ndalama yoopera mbava anaipeza, yoopera madzi ndiye ikusowa.

Mfundo yoyamba ndiyo yofunika kuimva, chifukwa mantha ake sanangochokera m'mutu. Ngakhale boma lathu linalawako. Pa chilala cha 2015/16 Malawi anali atagula inshuwalansi ku African Risk Capacity, bungwe la pansi pa African Union. Poyamba kawerengedwe ka bungweli kanasonyeza kuti palibe cholipira, pomwe anthu oposa 6 miliyoni ankafuna chakudya. Zinadzapezeka kuti makina owerengerawo anauzidwa mtundu wa chimanga wosiyana ndi womwe alimi ambiri anabzala. Atakonza, ndalama zoposa madola 8 miliyoni zinatuluka, koma mochedwa. Otsutsa amaikonda nkhaniyi. Ine ndimaonamo china: cholakwika chinali pa zomwe zinalembedwa tsiku logula, ndipo zitakonzedwa ndalama inabwera.

Kwa mwini nyumba nazonso zimathera pa tsiku logulalo. Inshuwalansi ya nyumba ndi ina, ya katundu wa m'nyumba ndi inanso. Yoyamba imaona makoma, denga ndi zomangidwira kunyumbako. Firiji, mipando, wailesi ya kanema ndi zovala zili kwinako, ndipo wokhala pa lendi asamaganize kuti pepala la alandilodi limukhudza. Amene anatenga ngongole ya nyumba kubanki amalipira kale inshuwalansi, poti banki siilola kubwereketsa popanda iyo, koma ambiri sanafunsepo kuti ikuteteza chiyani kupatula ngongoleyo. Funso lalikulu kwa ife a m'mphepete mwa mapiri ndi ili: pangano likutchula moto, mphepo ndi madzi osefukira, nanga kugumuka kwa nthaka? Mapangano ambiri a mtundu uwu amakusiya kunja pokhapokha mutapempha ndi kuwonjezera ndalama. Ku Chilobwe ndi ku Chiradzulu chinagwetsa nyumba zambiri chinali phiri lotsika ndi miyala. Wogulitsa akayankha mozemba, muuzeni akulembereni.

Msampha wina ndi mtengo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Simenti, malata ndi zitsulo zinakwera nthawi yomweyo, koma mtengo wa nyumba wolembedwa papepala umakhala womwe uja mpaka mwini wake aukweze. Tiyerekeze kuti kumanganso nyumba yanu lero kungadye K60 miliyoni, koma pepala likunena K30 miliyoni. Mphepo ikawononga zinthu za K20 miliyoni, kampani imati munateteza theka chabe, choncho ikupatsani theka, K10 miliyoni, nkuchotsaponso kagawo komwe panganolo limati mudzilipirire nokha. Munthu amatuluka muofesi akuti amubera. Pamenepa makampani sindiwachotsera mlandu, chifukwa lamuloli amalidziwa ndipo ambiri ogulitsa salifotokoza pomwe akulandira ndalama. Komabe mankhwala ake ndi osavuta: itanani mmisiri chaka ndi chaka akuwerengereni mtengo womangira, jambulani katundu ndi foni, sungani malisiti kwina osati m'kabati momwemo. Kampani ikakana popanda chifukwa chomveka, dandaulo limapita ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira makampani onse a inshuwalansi.

Tsono pali anthu amene zonsezi siziwafika, ndipo ndiwo ochuluka. Nyumba ya zidina yofolera udzu ku Makhanga, kapena kanyumba komangidwa m'khwawa ku Ndirande popanda chikalata cha malo, kampani iliyonse idzaikana kapena kutchula mtengo wothamangitsa. Inshuwalansi imayenda pomwe ambiri akusonkha koma ogwa m'tsoka ndi ochepa. Kumene madzi amalowa m'nyumba zonse chaka ndi chaka masamuwo sagwira. Bwana wa taye uja akamauza anthu otere kuti aphunzire za inshuwalansi, akungowanyoza. Iwo akufunika malo okwera osamukirako, ngalande zosatsekeka ndi zinyalala, makhonsolo oletsadi kumanga m'mapiri, ndi lamulo la za ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2023 ligwire ntchito kunja kwa mabuku. Imeneyo ndi ngongole ya boma.

Chomwe ndikukana ndi chakuti mphunzitsi wamkulu, namwino, wamalonda wa ku Limbe kapena wopuma ntchito amene anathira penshoni yake yonse m'nyumba ya zipinda zinayi abisale kumbuyo kwa umphawi wa anthu a ku Makhanga. Iyeyo kampani ingamulandire mawa lomwe. Namondwe wotsatira akadzasasula denga lake, adzakaima pamzere womwewo wa mabulangete pasukulu ya pulayimale, patsogolo pa mayi amene analibe kwina kolowera.