Chionetsero cha Ntchito za Manja Pakhomo Panu pa Khrisimasi

Inu owerenga athu, mwezi wa Disembala mumaudziwa bwino. Mbewu zamera, udzu nawonso wamera, feteleza wobereketsa akufunika, ndipo mu Januwale ana adzafuna makope ndi zovala za kusukulu. Pa nthawi imeneyi anthu ambiri amatsegula nkhokwe ndi kugulitsa chimanga, kapena amasiya munda wawo wosapalira ndi kupita kuganyu. Pofika Febuluwale, chimanga chomwecho amachigulanso pa mtengo wowawa. Lero tikamba za njira ina yopezera ndalama osakhudza nkhokwe, ndiyo kuitana anthu pakhomo panu kuti adzaone ndi kugula zimene manja anu apanga.

Mawu awa akupita makamaka kwa inu a ku Mtsiliza ndi a m'midzi yozungulira mzinda wa Lilongwe, pakuti ogula muli nawo pafupi. Ku Area 47 ndi ku Area 49 kumakhala anthu olandira malipiro pamwezi, ndipo pa Khrisimasi amafunafuna mphatso zopatsa abale ndi alendo. Magulu ambiri a banki m'khonde amagawananso ndalama zawo mwezi womwewu. Tsono ndalama zilipo. Chofunika ndi kuti zipeze njira yofikira pakhonde panu.

Musaganize kuti kuluka ndi kuumba ndi ntchito yopepuka. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, ndipo zosema za kumeneko zinafika m'matchalitchi a m'maiko akutali. Ku Dedza komweko, Dedza Pottery inayamba mu 1987, ndipo inapatsa anthu ambiri ntchito ndi dongo lomweli timapondali. Ndiponso mu 2015 Boma linakhazikitsa lamulo loletsa majumbo opyapyala, ndipo dengu labwino lopitira kumsika limatha zaka osang'ambika.

Choyamba, musachite nokha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo katundu wa banja limodzi sangadzaze khonde. Gwirizanani mabanja anayi kapena asanu a luso losiyana. Wina abweretse mphasa za bango ndi mikeka ya mlaza, wina malichero ndi madengu a nsungwi, wina miphika, mitsuko ndi chitetezo mbaula. Abambo osema abweretse mithiko, zipande ndi mipando. Amayi osoka apemphe zidutswa za zitenje kwa telala, asokere zikwama ndi zovala za ana. Anyamata asaiwalidwe: galimoto ya waya yopangidwa bwino imapeza oigula.

Chachiwiri, yambani msanga. Mbiya youmbidwa mvula itayamba siuma bwino, ndipo imasweka pootcha. Mlaza ndi bango zonyowa zimachita nkhungu. Choncho umbani, otchani ndi kuluka mu Seputembala ndi Okutobala, ntchito ya kumunda isanachuluke, ndi kusunga zonse pamalo ouma, pamwamba, kutali ndi chiswe. Inu osema, musadule mtengo m'nkhalango ya Boma popanda chilolezo. Mkungudza wa ku Mulanje watsala pang'ono kutha chifukwa cha kudula kosasamala.

Chachitatu, sankhani tsiku limodzi lokha, Loweruka lotsala sabata imodzi kuti Khrisimasi ifike, kuti munda usagone. Yambani 9 koloko m'mawa ndi kutseka 2 koloko masana, popeza mvula imakonda kugwa dzuwa litapendeka. Kadziwitseni amfumu masiku akadalipo. Pemphani kuti alengeze kutchalitchi, kumzikiti ndi kumsonkhano wa banki m'khonde. Amene muli ndi achibale ogwira ntchito m'nyumba kapena m'maofesi a m'tauni, atumizireni zithunzi za katundu pa WhatsApp kuti akaonetse kumeneko. Panjira yolowera kwanu ikani chikwangwani cholembedwa ndi zilembo zikuluzikulu.

Chachinayi ndi mtengo, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Mayi aluka mkeka masiku anayi, wogula akuti "Chepetsani, mayi," ndipo mayi mwa manyazi augulitsa pa mtengo wa mlaza wokha. Kodi masiku anayi aja walipidwa ndi yani? Werengani motere: ndalama zimene munagulira zipangizo, muphatikizepo malipiro a ganyu a masiku amene munagwira, kenaka muonjezepo pang'ono polola kunenerera. Mukhale pamodzi usiku wa Lachisanu ndi kumvana mtengo wotsiriza wa chinthu chilichonse. Lembani mtengo ndi dzina la mwini wake pa kapepala, mumangirire pa katunduyo.

Tsiku likafika, sesani bwalo, yalani mphasa pakhonde, ndipo zazing'ono muziike pathebulo kuti zisapondedwe. Alendo afike pakhonde ndi pabalaza pokha. Zipinda zina mukhome. Munthu mmodzi asunge ndalama, wina alembe m'kope chilichonse chagulidwa ndi mwini wake. Wogula akalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, muyambe mwaona uthenga pa foni yanu, osati pa yake, musanampatse katundu. Ngongole musalole, ngakhale kwa mlamu wanu, pakuti ngongole ya Khrisimasi imakumana ndi njala ya Januwale.

Ngati mufuna kupatsa alendo thobwa, madzi ake akhale owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo pakhale ndowa ya madzi ndi sopo yosambira m'manja. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo matendawa amafala kwambiri nthawi ya dzinja.

Madzulo werengani ndalama onse akuona, chotsani zimene munagwiritsa ntchito pamodzi, ndipo aliyense alandire zake tsiku lomwelo. Zotsala musazitaye pa mtengo wozizira. Mkeka suola ngati tomato. Lembani zimene anthu anazifuna koma sanazipeze, pakuti zimenezo ndizo mudzayambire kupanga chaka chamawa. Ndalama zimene mwapeza ziyambe zagula feteleza ndi makope a ana, zotsala ndizo za mpunga ndi nkhuku ya Khrisimasi.

Sabata yamawa tidzakamba za kasungidwe ka mphasa ndi madengu m'nyengo ya mvula.