Ana a m'tauni akaoneko nkhalango

Abale anga a ku Chinsapo, Kawale ndi Mgona, tandimverani. Sabata yatha nditabweretsa tomato m'tauni, mdzukulu wanga wa zaka 9 anandifunsa kuti, "Agogo, kodi makala amamera pati?" Ndinaseka, koma mtima unandiwawa.

Ine ndikuti Loweruka lina mutengeni mwanayo, mukakwere minibasi pa depoti. Mukatsikira ku Dedza, phiri lili pomwepo, mukwere wapansi pakati pa mitengo ya paini. Apo ayi, pitani ku Salima, mukafike ku Senga Bay, muyende m'mbali mwa nyanja mpaka m'mapiri a Senga.

Munena kuti ndalama zavuta, eetu ndikudziwa. Komatu madzi mukumwawo amachokera ku Dzalanyama, komwe mitengo ikutha ndi makala omwewa. Nanga mwana woti nkhalango sanaionepo adzaiteteza bwanji?