Jakisoni waukhondo ku Cape Town

Abale athu amene akukhala ku Cape Town amawadziwa anyamata ogona pansi pa milatho amene amadzibaya heroin, yomwe kumeneko amaitcha unga. Kuyambira 2015 bungwe la TB HIV Care lakhala likuwagawira majakisoni atsopano n'kutolera akale, ndipo ambiri akamva zimenezi amagwira pakamwa, amati n'kulimbikitsa uchidakwa wa mankhwala ozunguza bongo. Ine sindikugwirizana nawo. Munthu amene heroin wamulowerera m'magazi sasiya chifukwa chosowa jakisoni. Amangobwereka wa mnzake, n'kutengerapo HIV kapena matenda a chiwindi a hepatitis C. Kafukufuku wa mu 2017 ku Cape Town, Durban ndi Pretoria anapeza kuti oposa theka la odzibaya anali kale ndi hepatitis C. Chondiwawa kwambiri ndi nkhani ya naloxone, mankhwala otsitsimutsa munthu amene wasiya kupuma atapyola muyeso. Amafunika m'mphindi zochepa, komatu amene amakhala pafupi nthawi imeneyo si dokotala ayi, ndi mnzake wa mumsewu kapena mayi ake. Boma la South Africa liwapatse anthu amenewa naloxone m'manja.