Voti yanu itetezenso mitsinje

Nsomba za m'nyanja ya Niassa zimadalira mitengo ya kumapiri. Oceka matabwa akagwetsa mitengo m'mbali mwa mitsinje yothira m'nyanja, mvula imakokolola dothi, matope n'kukwirira timiyala pomwe mpasa ndi sanjika zimaikira mazira. Mapeto ake, msodzi wa ku Metangula ndiye amalira.

Malamulo alipo. Mu 2005 boma linalamula kuti 20% ya ndalama za zilolezo zodulira mitengo izipita kwa anthu a m'deralo. Kodi kwanu inafika?

Ofuna mavoti akabwera, afunseni: adzathana nawo bwanji odula popanda cilolezo? Adzawonjezera alonda a nkhalango? Wosowa yankho musam'patse voti. Voti ndi yacinsinsi, ndipo ndi yanu.