Tinamtuma Kukaphunzira, Iye Akungoona Malo



Lamulungu lina titatuluka mu Misa yoyamba, bambo wina wa mu mphakati wathu anatikokera pambali, pansi pa mtengo wa mango umene uli kuseri kwa tchalitchi. Nkhope yawo inali yakugwa. Anatulutsa lamya ya m'manja nationetsa zithunzi: mtsikana ataima pafupi ndi chulu, yemweyo ali patsogolo pa phiri lakuda bii, yemweyonso ali pakhomo pa tchalitchi chachikulu.

"Achimwene, mwamuona mwana wanuyu?" anatero. "Ndinagulitsa ng'ombe ziwiri ndi soya yense wa chaka chatha kuti akaphunzire ku Kitwe. Koma mwezi ndi mwezi chimene ndikulandira ndi zithunzi za maulendo. Kodi tinamtuma kukaphunzira kapena kukaona malo? Ine ndaganiza zodula ndalama imene ndimamtumizira."

Dandaulo lotere sitingalipeputse. Ambiri mwa inu muli ndi ana ku sukulu za kunja, ndipo mukudziwa kuti kwacha yathu ikawoloka malire pa Mwami imakafika itafota. Komabe tinawapempha bambowo kuti asadule kanthu mpaka mwanayo atabwera ku tchuthi, pakuti mlandu suzengedwa mwini wake palibe, ndiponso kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tchuthi chitafika tinakhala pakhonde pawo: bambo, mayi, agogo ake aakazi obala mayi, ndi ife. Mtsikanayu akuphunzira za migodi pa Copperbelt University, imene inakhazikitsidwa mu 1987. Anagwada, natipatsa moni, kenaka anatulutsa kope momwe analembamo ulendo uliwonse, ndalama imene anawononga ndi zimene anaona. Tinamuuza kuti ayambe pa tsamba loyamba.

Ulendo woyamba unali wa ku Ndola, mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku Kitwe. Mzindawu unayamba ngati boma la atsamunda mu 1904, koma malowo anali atatchuka kale ndi malonda oipa. Mu msewu wa Makoli muli chikumbutso cha mtengo wa akapolo, pamene amalonda a Chiswahili ankasonkhana chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, m'dziko la Alamba, anthu ogwidwa asanawayendetse ulendo wa kum'mawa kunka ku nyanja ya mchere. Mtsikanayu anati ataima pamenepo anakumbukira za Jumbe wa ku Nkhotakota zimene analoweza ku pulayimale kuti akhoze mayeso, ndipo kanali koyamba kuzindikira kuti mpeni umene unacheka Nkhotakota ndi womwewo unacheka Ndola.

Tsiku lomwelo iye ndi anzake atatu a m'gulu la ophunzira achikatolika anasonkherana ndalama ya galimoto napita kunkhalango ya kumadzulo kwa mzindawo, kumene kunagwa ndege usiku wa pa 17 kuchera pa 18 Seputembala 1961. M'ndegemo munali Dag Hammarskjöld wa ku Sweden, mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, amene ankapita kukakumana ndi Moïse Tshombe kuti nkhondo ya ku Katanga, m'dziko la Congo, ithe. Anthu onse 16 anafa, mmodzi wa iwo atavutika masiku angapo m'chipatala. Thupi la mkuluyo linapezeka pafupi ndi chulu, chomwe chija bambo anationetsa pa chithunzi. Boma la atsamunda linagamula kuti analakwitsa ndi oyendetsa ndege. Anthu otentha makala m'nkhalangomo ananena kuti anaona ndege ina m'mwamba ndiponso moto, koma mawu awo anatayidwa chifukwa anali a anthu wamba akuda. Kuyambira mu 2015 bungwe la United Nations linayambanso kufufuza nkhaniyi motsogozedwa ndi Mohamed Chande Othman, amene anakhalapo mkulu wa oweruza ku Tanzania, ndipo iye anapeza kuti n'zotheka ndithu kuti ndegeyo inachita kuukiridwa. Zinatenga zaka zoposa 50 kuti umboni wa otentha makala upatsidwe ulemu. Atabwerera ku Kitwe, mtsikanayu anakaona nyumba ya mabuku yotchedwa dzina la mkuluyo pa Mindolo Ecumenical Foundation, sukulu ya mipingo imene inayamba mu 1958 ndipo yaphunzitsa anthu a m'maiko ambiri a mu Afrika. Kumeneko anamva kuti buku la zolemba zake zamseri, limene linasindikizidwa mu 1963, linaonetsa kuti mkulu wa ndale uja anali munthu wopemphera.

Phiri lakuda lija si phiri lolengedwa ndi Mulungu. Anthu a ku Kitwe amalitcha Black Mountain, ndipo ndi mulu wa zotsalira za miyala imene inasungunulidwa pa mgodi wa Nkana kwa zaka makumi ambiri. Popeza m'zotsaliramo mukadali mkuwa ndi kobalti, achinyamata osowa ntchito akhala akukumbamo, ndipo mu Juni 2018 mbali ina inagumuka niipha anthu osachepera 10. Pa mgodi wa Nkana womwewo, mu 1940, asilikali anawombera antchito amene ananyanyala pofuna malipiro abwino, ndipo anthu 17 anafa. Ku Mufulira, pa 25 Seputembala 1970, matope analowa pansi pa mgodi nakwirira anthu 89. Ndipo mu Febuluwale 2025 damu losungira madzi oipa a mgodi ku Chambishi linagumuka, asidi natsikira mu mtsinje wa Kafue, nsomba zinafa, minda inapsa, mipopi ya mu Kitwe inatsekedwa.

"Bambo," anatero mtsikanayo akuyang'ana pansi, "m'kalasi amatiphunzitsa kawerengedwe ka khoma la damu, ndipo ine ndinkangoona manambala. Nditalankhula ndi amayi amene munda wawo unapsa, ndinadziwa chifukwa chake nambala imodzi siyenera kulakwika."

Ife tinaganizira za kwathu kuno, kumene maina a Kayelekera, Kangankunde ndi Kasiya ali pakamwa pa aliyense. Ana athu amene adzayang'anire migodi imeneyi ndi bwino aone ndi maso awo zimene mkuwa unapatsa anzathu a ku Zambia ndi zimene unawalanda.

Tchalitchi chachikulu chija ndi cha Khristu Mfumu ku Ndola. Ansembe a chipani cha Fransisko Woyera anafika m'derali kuchokera ku Italy mu 1931, motsogozedwa ndi Bambo Francesco Mazzieri, amene pambuyo pake anakhala episkopi woyamba wa Ndola. Ana a chipanichi ndiwo anatsegula Mission Press mu 1970, nyumba yosindikiza imene inatchuka ndi magazini ya Chibemba ya Icengelo. Akuluakulu a kumeneko amakumbukirabe Misa imene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anatsogolera ku Kitwe pa 3 Meyi 1989, mawa lake asanafike kuno ku Malawi. Mu 2024 Ndola inakwezedwa kukhala arkidayosizi, ndipo arkiepiskopi wake woyamba anakhala Ambuye Benjamin Phiri, amene kale anali episkopi wothandiza ku Chipata. Mtsikanayu anati miyezi yoyamba Chibemba sankachimva, koma pa Misa sanasochere: ankadziwa poimirira, pogwada ndi potambasula manja.

Bambo anamvetsera zonsezi mwachifatse, kenaka analoza masamba otsiriza a kopelo. "Nanga izi? Wusakile, Chamboli, Wusakile, Chamboli, kasanu ndi kawiri. Kumeneku zithunzi sunatumize. Kuli yani?"

Panali chete. Mayi anakonza kukhosi, koma amene anayankha ndi agogo. "Ndinamtuma ndine, apongozi."

Agogowo anali ndi mlongo wawo amene anachoka m'mudzi ku Dedza mu 1957, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pamene anyamata ambiri ankapita ku migodi kukafuna ndalama ya msonkho ndi zovala. Analemba makalata awiri, natumiza bulangete limodzi, kenaka zii. Anakhala mmodzi wa aja timawatcha machona. Usiku woti mawa mdzukulu anyamuka, agogo anamunong'oneza dzina la ubatizo la mlongo wawoyo, mfunda wake ndi dzina la mudzi. Mayi ankadziwa, koma anaopa kuwauza amuna awo kuti angati ndalama ya sukulu ikuthera kufunafuna akufa.

Mtsikanayo anayamba kupemphera m'maparishi a m'makomboni a migodi. Misa ikatha ankapereka moni kwa okalamba ndi kufunsa ngati alipo amene makolo awo anachokera ku Nyasaland. Amayi ena a mu mphakati, umene kumeneko amati icitente, anamuperekeza kwa bambo mfumu, ndipo m'buku lakale la ubatizo anapeza mwana amene dzina la bambo wake ndi mudzi wochokera zinali zomwe zija. Mwanayo tsopano ndi mkulu wa imvi, amene ntchito ya ku mgodi inamuthera pamene boma linkagulitsa migodi cha m'ma 2000. Iye ndi abale ake amalankhula Chibemba. Za kwawo kwa bambo wawo ankadziwa mawu amodzi okha, Dedza, ndipo anasunga buku lawo la mapemphero la Chinyanja, lothaitha. Anati bambo wawo ankanena chaka ndi chaka kuti apita kumudzi akapeza katundu wokwanira kunyamula, koma katunduyo sanakwane mpaka imfa inawapeza. Anamutengera mtsikanayo ku manda a ku Chamboli, ndipo anapemphera korona pamodzi, iwo m'Chibemba, iye m'Chichewa.

Agogo sanalire. Anafunsa funso limodzi lokha: "Kodi anamuika ndi mwambo wa Eklezia?"

"Inde, agogo. Anadzozedwa ndi mafuta oyera asanatsirizike."

"Basi, mdzukulu wanga. Zaka zonsezi ndinkasowa pomuika m'mapemphero, kwa amoyo kapena kwa akufa."

Tsono, awerengi, musaganize kuti bambo aja analibe mfundo. Kope lomwelo linaulula kuti ulendo wina unachitika sabata yoti mayeso ayamba, ndipo phunziro limodzi analephera, nalembanso pa ndalama ina. Linaululanso kuti tsiku lina anabwerera ku malo ake ogona usiku ali yekha, chinthu chimene mwana wamkazi kapena wamwamuna sayenera kuchita m'mzinda wa eni. Mayi nawonso anavomera kuti kubisira mwamuna nkhani yokhudza mwana ndi thumba la banja kunabala kukayikirana kwa chaka chathunthu. Zonsezi tinazinena poyera pakhondepo.

Tinawakumbutsa za buku la Tobiti. Mkulu uja anatuma mwana wake Tobiya ku dziko la Mediya kukatenga ndalama basi, koma sanamlole kupita yekha: anamuuza kuti afune mnzake wodziwa njira, amene pambuyo pake anadziwika kuti ndi mngelo Rafaele. Mnyamatayo anabwera ndi ndalamayo, komanso ndi mkazi wa mwa abale awo otayana, ndi mankhwala amene anatsegula maso a bambo wake. Chimene anamtuma sanachiiwale, ndipo zimene anapeza pa njira sanazinyoze.

Kwa inu ophunzira amene muli kunja tikuti: chimene anakutumani ndi sukulu, ndipo ulendo umene ulanda nthawi ya mayeso ndi kuba thukuta la makolo. Yendani nthawi yopuma, yendani ndi anzanu odziwika, bwererani dzuwa lisanalowe, ndipo lembani zimene mwawononga. Musanapite pa malo, funsani mbiri yake, pakuti amene sanafunse amangoona chulu, mtengo ndi mulu wa miyala. Lamulungu likakupezani kwina, funani tchalitchi, chifukwa kumeneko mlendo amapeza abale. Ndipo kumbukirani kuti ukayenda umasiya phazi, osati mlomo.

Kwa ife makolo tikuti: chithunzi sichilankhula, choncho tisaweruze tisanafunse. Mwana amene wakhala zaka zinayi kapena zisanu m'dziko la eni nabwera akungodziwa njira ya ku kalasi ndi ya ku chipinda chodyera, wabwera ndi pepala, koma dzikolo silinamphunzitse kanthu. Ambirife tili ndi abale amene anatsalira ku Kitwe, ku Ndola, ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg. Okalamba amene akudziwa maina awo akutha. Tiyeni tiwafunse akadali moyo, ndipo mainawo tiwapatse ana athu poyera, banja lonse likumva.

Bambo aja ndalama sanadule, ndipo sanawonjezere. Anagwirizana ndi mwana wawo kuti ulendo ukhale umodzi pa teremu, mayeso atatha, ndipo aziwadziwitsa asananyamuke. Anapita okha kwa bambo mfumu kukapereka ya Misa yopempherera malume a akazi awo, imene idzachitike mu Novembala, mwezi wokumbukira mizimu ya akufa. Potiperekeza anatifunsa kuti basi yochokera ku Chipata kudzera ku Lusaka ndi Kapiri Mposhi imafika ku Kitwe nthawi yanji, pakuti akuti pa tsiku lolandira digiri sangakhale kumudzi, ndipo kuli abale amene ayenera kukawapatsa moni.

Ambuye akudalitseni pamodzi ndi ana anu onse amene ali pa ulendo. Tidzakumananso mwezi wamawa.